Chaka Chachiwiri, ku Masambanjati

Amayi anatchola tiyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga,
dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno,
kuti ine ndikagone pa bedi lachitsulo la boma
n'kumadzutsidwa ndi limu yagalimoto yopachikidwa pamtengo wa peyala.

Chaka choyamba tinali pakoleji.
A Mukhito, otiphunzitsa kakulidwe ka mwana,
ankayamba ndi mbiri, tifune tisafune:
akuti holo yathu ija inali shedi ya fodya wa mzungu,
oyamba anali anyamata makumi awiri a makabudula a kaki,
atsikana anadzalowa mochedwa, podzera khomo la zosokasoka;
akuti chaka chimene pulayimale inakhala yaulere
ana anasefukira ngati Ruo wa mu Januwale,
aphunzitsi n'kumaumbidwa m'masabata owerengeka,
zidina zosaotcha, zina zinalimba, zina zinasungunuka.
"Inu tikukuotchani," ankatero, "musadzandichititse manyazi."

Tinaphunzira kulemba sikimu ndi pulani ya phunziro,
kuwerengetsa ndi maliwu,
masamu a zitsekerero za mabotolo,
kulemba pabolodi osapatsa ana nkhongo nthawi yaitali,
ndi kujambula dziko lonse lapansi pa chipanda.
Patchuthi pankabwera anzathu a maphunziro akutali,
mabuku m'jumbo, khanda kumsana,
n'kugona pa mabedi athu omwewo.

Chaka chachiwiri anandiponya kuno.
Sitandade 2, ana zana limodzi ndi makumi atatu ndi anayi,
mabuku khumi ndi limodzi,
chiperoni chikulowera pazenera lopanda galasi
n'kunyowetsa choko mpaka kukana kulemba.
Mayi Nampinga, mlangizi wanga, amakhala kumbuyo pa njerwa ziwiri,
kumangolemba, osaseka, osakwiya.

Lachitatu lija a Mukhito anatulukira pa njinga yamoto,
matope mpaka m'mawondo, fayilo m'kati mwa jekete.
Ndinali nditakonza zonse:
mb, tchati cha mbuzi, mbale ndi mbewa,
mphindi zisanu za chiyambi, khumi za m'magulu,
mathero oti ndiwafike belu lisanalire.

Ndiye Fulaye, wa pakona uja,
amene sindinamvepo mawu ake chiyambire Seputembala,
anaimirira popanda kukweza mkono,
napisa m'thumba la kabudula,
natulutsa chakudya chake chamasana, cholumidwa kale mbali imodzi.
"Mbatata," anatero.

Kalasi yonse inagwa ndi phwete.
Ine pulani inandithawa m'mutu.
Ndinaitenga mbatatayo, yozizira, ya fumbi la m'thumba,
n'kuikweza pamwamba ngati chikho cha mpira:
mba, ta, ta.
Ana zana limodzi ndi makumi atatu ndi anayi: mba, ta, ta!
Wina anati mbaula, wina mbalame,
wina anatchula dzina la mlamu wake.
Limu inalira tisanalowe n'komwe m'magulu.

Pansi pa mtengo a Mukhito anandionetsa pepala.
Kasungidwe ka nthawi: ziwiri pa khumi.
Mathero: panalibe.
Anatseka fayilo, napukuta magalasi,
n'kufunsa, "Mwana uja mwam'bwezera mbatata yake?"
Ndinali ndikadali nayo m'manja.

Loweruka ndinatsikira kumudzi wapansi,
alawansi isanabwere mwezi wachitatu uno.
Amayi sanafunse za ndalama.
Anagwira zala zanga zoyera choko
ndi zawo zakuda, zong'aluka ndi tiyi,
ndipo nditawasimbira za Fulaye anaseka mpaka kutsokomola.

Kenaka anasesa pabwalo ndi phazi.
Iwo amene amadinda chala pa tsiku la malipiro
anati, "Talemba langa."
Ndinatola kamtengo: Nambewe.
Anawerama nthawi yaitali, manja kumbuyo.
"Nanga ya mwana uja ili pati?"
Ndinaloza pakati.
Nkhuku itayandikira, anaiingitsa.